Karel Wenckebach, dokotala amene adaphunzitsidwa ndi wodwala wake

MASSANGULO, Ngauma — Akuluakulu a m'maboma a Ngauma, Mandimba ndi Cuamba safuna kuchita kuuzidwa kuti kwinini ndi chiyani. Amakumbuka kuwawa kwake pa lilime, ndi kulira kwa m'makutu kumene kumatsatira munthu akamwa masiku angapo. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti mankhwala a malungo amenewa adagwirapo ntchito ina. Ndiwo adatsegula njira yochizira mtima umene ukugunda mosokonekera. Munthu amene adaulutsa nkhani imeneyi kwa madokotala anzake ndi Karel Frederik Wenckebach wa ku Holland, amene adamwalira mu 1940. Dzina lake ndi lovuta pa lilime, limatchulidwa ngati Venkebaki. Iye sadabise kuti nzeruyo sidachokere m'mutu mwake. Adaitola kwa wodwala wake, munthu wamalonda amene sadaphunzirepo za chipatala.

Wenckebach adabadwa pa 24 Malichi 1864 mu mzinda wa Den Haag. Nthawi imeneyo kuno kudalibe malire a pa Mandimba ndi Chiponde. Mwanayo ali ndi zaka 2, mu 1866, David Livingstone adadutsa kwa Mataka ku Mwembe akupita ku nyanja, ndipo m'bokosi lake la mankhwala mudali kwinini yemweyu.

Bambo ake, a Eduard Wenckebach, adali katswiri wa lamya. Ndiwo adaika waya woyamba wotumizira mauthenga m'dziko la Holland, kuchokera ku Amsterdam kukafika ku Haarlem, mu 1845. Adamwalira mu 1874, Karel ali ndi zaka 10, ndipo banja lidasamukira ku Utrecht. Ana amasiye aja adakula bwino. Mbale wake wina, Willem, adatchuka ndi zojambula. Wina, Henri, adayambitsa kampani yaikulu yosungunula zitsulo ya Hoogovens. Karel adalowa sukulu ya udokotala ku Utrecht komweko mu 1881, ndipo adamaliza mu 1888.

Mtima wake poyamba udali pa zamoyo zing'onozing'ono zimene amaziona pa maikulosikopu. Koma maso adamukaniza. Sankasiyanitsa bwino mitundu ina ya zinthu, pamene ntchito imeneyo imafuna munthu woona utoto umene amapaka pa zoyezedwazo. Tsono adatembenukira kwa mphunzitsi wina, Theodor Engelmann, amene ankafufuza kagundidwe ka mitima ya achule. Mtima wa chule umagundabe kwa nthawi ngakhale auchotse m'thupi, ndipo munthu angathe kuona ndi maso mmene chipinda chimodzi chikutsatira chinzake. Kumeneko mnyamatayo adaphunzira kuwerenga kagundidwe ka mtima monga mmene woimba ng'oma amamvera mnzake akaphonya.

Ntchito ya achule sidali ya ndalama. Mu 1891 adapita kukakhala dokotala wa kumudzi ku Heerlen, kummwera kwa Holland, kumene patsogolo pake kudatchuka ndi migodi ya malasha. Adakhalako zaka 5. Ankachiza chilichonse chimene chabwera, monga amachitira namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Zida zake zidali zala, khutu ndi wotchi. Pakati pa odwala ake padali nkhalamba zambiri zimene mitima yawo inkagunda modumphadumpha. Madokotala a masiku amenewo akamva zotere ankangolemba kuti mtima wasokonekera, basi. Wenckebach sadakhutire nazo. Ankakhala nthawi yaitali atagwira mkono wa wodwala, akuwerenga, chifukwa ankaona kuti chisokonezo china chili ndi dongosolo lake mkati, lofanana ndi limene adaona pa achule.

Apa ndi bwino kufotokoza mmene mtima uliri. Mtima uli ndi zipinda 4, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Zam'mwamba zimalandira magazi, zam'munsi zimawapopa kupita ku mapapo ndi thupi lonse. Zimagwira ntchito mosinthana, ngati amayi awiri okonola chimanga mu mtondo umodzi: munsi wina ukatsika, wina uli m'mwamba. M'chipinda cham'mwamba cha kumanja muli kamalo kakang'ono kamene kamatulutsa mphamvu yonga ya magetsi. Kamaloko ndiye mtsogoleri wa nyimbo. Uthenga wake umafalikira m'zipinda zam'mwamba, kenaka umadutsa pa kachipata kamodzi kokha n'kutsikira ku zipinda zam'munsi. Munthu wamkulu akakhala phee, zimenezi zimachitika ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi.

Mu 1896 Wenckebach adabwerera ku Utrecht. Mu 1898 kudabwera mayi wina wa zaka 40 amene mtsempha wake wa pamkono unkagunda kangapo kenaka n'kudumpha kamodzi. Adamumangirira pamkono kachipangizo kokhala ndi kansonga kolemba pa pepala lopakidwa mwaye, ndipo adayeza mizere yotulukayo mosamala kwambiri. Adapeza kuti uthenga wochokera m'mwamba unkachedwa pang'ono, ulendo wotsatira n'kuchedwanso koposa, mpaka ulendo wina osafika n'komwe. Ukatero unkayambanso bwino. Zili ngati munthu wosenza thumba la chimanga pa chitunda: phazi lililonse likulemera kuposa loyamba, kenaka aima, apuma, nayambanso. Adalemba zimenezi mu 1899. Chodabwitsa n'chakuti makina a ECG, ojambula magetsi a mtima, adali asanayambe kugwira ntchito m'zipatala, ndipo kachipata kaja kadali kasanaonedwe ndi munthu. Kadapezedwa mu 1906 ndi Sunao Tawara wa ku Japan. Mwana wa katswiri wa lamya adazindikira pamene waya wa mu mtima ukufooka asanauone wayawo.

Dzina lake lidamveka. Mu 1901 adakhala pulofesa ku Groningen, ndipo mu 1903 adatulutsa buku lake loyamba la kagundidwe ka mtima. Adapalana ubwenzi ndi James Mackenzie, dokotala wa ku Scotland amene ankagwira ntchito m'tauni ya Burnley ku England, ndipo nayenso ankayeza mitsempha ya odwala wamba. Mu 1911 adasamukira ku Strasbourg.

Komatu padali chisokonezo china chimene chidalibe dongosolo n'pang'ono pomwe. Pa makadi a chipatala kuno chimalembedwa kuti fibrilação auricular. Pa matenda amenewa mtsogoleri wa nyimbo samvekanso. Malo ambirimbiri m'zipinda zam'mwamba amatulutsa mauthenga nthawi imodzi, oposa 300 pa mphindi, ndipo zipindazo m'malo mofinya magazi zimangonjenjemera. Kachipata kaja kamalola ena, kamatsekereza ena, mwachisawawa. Ukagwira pamkono umamva kugunda kothamanga, kwina kwamphamvu, kwina kofooka, mipata yake yosafanana. Wodwala amadandaula kuti mtima ukuphiriphitha m'chifuwa, amachita befu akakwera kachitunda, amatopa msanga kumunda, nthawi zina chizungulire. Ena samva kanthu konse. Mu 1909 Thomas Lewis ku London, komanso Rothberger ndi Winterberg ku Vienna, adatsimikiza ndi makina a ECG kuti gwero la chisokonezochi ndi zipinda zam'mwamba. Dzina la matenda lidapezeka, gwero lidadziwika, koma mankhwala obwezera mtima m'malo mwake padalibe. Amene adalipo, ochokera ku chitsamba cha digitalis, ankangochepetsa liwiro.

Mu 1912 kwa Wenckebach kudafika munthu wamalonda wa ku Holland. Adakhalapo ku zisumbu za Indonesia, zimene Holland inkalamulira nthawi imeneyo, kumene malungo adali ochuluka ngati kuno m'dzinja. Mtima wake unkasokonekera mwa apo ndi apo, n'kukhala choncho masiku angapo, kenaka n'kubwerera wokha. Sunkamupweteka kwenikweni. Chimene chinkamunyansa n'chakuti iye adali munthu wozolowera kuti mabuku ake a malonda akhale m'dongosolo, ndipo ankafuna kuti mtima wakenso ukhale m'dongosolo. Wenckebach adamuyeza, adamuuza dzina la matenda, ndipo adavomera poyera kuti alibe mankhwala othetsera vutolo. Wamalondayo sadachite manyazi. Adafunsa phindu la akatswiri a mtima ngati sangathe kukonza chinthu chotere. Kenaka adanena kuti iye mwini amatha kuchithetsa, ndipo adalonjeza kubwera mmawa mwake mtima ukugunda bwino.

Pulofesa wina akadakwiya n'kumutulutsa. Munthu wa mabuku, wodziwika maiko angapo, kunyozedwa m'chipinda chake chomwe ndi wogulitsa katundu! Wenckebach sadakhulupirire, koma adamuuza kuti abwere. Kutacha wamalonda uja adafika, adapereka mkono, ndipo mtsempha unkagunda mwadongosolo. Atafunsidwa chinsinsi adati ndi kwinini. Kumaiko a malungo kuja adazolowera kumwa kwinini akamva m'thupi mosakhala bwino, ndipo adazindikira kuti akamwa galamu imodzi mtima umabwerera pasanathe mphindi 25.

Apa ndi pamene pali ukulu wa Wenckebach. Sadaseke, ndiponso sadathamangire kulengeza kuti wapeza mankhwala. Adayamba kuyesa kwinini pa odwala ena. Zotsatira zake sizidali zokondweretsa kwenikweni: adathandiza ochepa okha, makamaka amene matenda adali atangowayamba kumene. Adalemba zonsezo m'buku lake la mu 1914, zopambana ndi zolephera zomwe, ndipo adanena kumene nzeruyo idachokera.

Kwinini amachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona, wa kumapiri a Andes ku South America. Mu 1820 Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, ndiwo adamupatula m'khungwamo. Anthu a ku Holland adadzala mitengoyi yambiri pa chisumbu cha Java, mwakuti masiku a Wenckebach kwinini wochuluka wa padziko ankachokera kumeneko. Koma m'khungwa lomwelo muli mankhwala ena apachibale. Dokotala wina, Walter Frey, atawerenga zimene Wenckebach adalemba, adayesa abale a kwinini aja mmodzimmodzi. Mu 1918 adalengeza kuti wamphamvu pa mtima ndi kwinidini. Kuyambira pamenepo kwinidini adagwira ntchito m'zipatala zaka zoposa 70.

Wowerenga asathamangire kukafuna kwinini chifukwa mtima ukumuvuta. Nkhaniyi ili ndi mchira. Mu 1990 madokotala a ku America adasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri, ndipo adapeza kuti kwinidini amasungadi mtima m'dongosolo, koma mwa omwa mankhwalawa omwalira adali ochuluka pafupifupi katatu kuposa mwa osamwa. Mankhwala okonza chisokonezo china amatha kuyambitsa china choopsa koposa, cha m'zipinda zam'munsi, chimene chimapha pomwepo. Kwinini wochuluka amagonthetsa, amachititsa khungu, amatsitsa shuga m'magazi, amaimitsa mtima. Wamalonda uja adachita mwayi. Ngakhale pa malungo penipenipo, lero mankhwala oyamba ndi Coartem, amene kutsidya ku Malawi amamutcha LA, ndipo malungo aakulu amawabaya artesunate.

Chimene chidadziwika bwino Wenckebach atapita n'chakuti choopsa chachikulu pa matendawa si kuphiriphitha kwa mtima ayi. Ndi magazi. Phala likapanda kuvundulidwa limachita mibulu. Magazinso akamangozungulira m'chipinda chonjenjemera amaundana. Kambulu kakathothoka kamayenda ndi magazi n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Ndiye sitiroko imeneyo, imene ambiri kuno amaitcha trombose: munthu wagona bwinobwino, kudzuka kamwa lapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafa, mawu sakumveka. M'midzi zoterezi zakhala zikudanitsa abale, wina kuloza mnzake chala kuti walodza, pamene chiyambi chake chidali mu mtima zaka zambiri m'mbuyomo. Munthu wa matendawa ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake amene alibe.

Ku Ulaya matendawa ndi a nkhalamba. Kuno amagwiranso achinyamata ndi amayi oyembekezera, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Mwana akadwala zilonda za pakhosi zoyamba ndi tizilombo tina, osalandira penisilini, pakapita milungu amatha kutentha thupi ndi kutupa mfundo za mafupa. Matenda amenewo amaluma tizitseko ta mu mtima mwakachetechete. Kachitseko kakachepa, chipinda cham'mwamba chimafufuma, ndipo pakapita zaka chimayamba kunjenjemera. Kafukufuku wa mu 2007 pa ana a sukulu oposa 2,000 ku Maputo adapeza kuti makina oonera mkati mwa mtima adagwira vutoli mwa ana 30 pa 1,000 alionse, pamene kumvetsera ndi khutu kudagwira awiri okha. Zina zoyambitsa ndi kuthamanga kwa magazi kumene ambiri amati tensão, kumwa kachasu kwambiri, ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso.

Kuyeza koyamba n'komwe kuja kwa ku Heerlen. Zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, n'kuwerenga mphindi yathunthu. Ngati kugunda kuli kosalongosoka, lero ndi mawa chimodzimodzi, munthuyo apite ku chipatala ndipo anene momveka kuti mtima ukudumpha. Chotsimikiza ndi pepala la ECG, limene limajambulidwa m'mphindi zochepa, popanda kubaya kapena kupweteka. Amene ali kutali amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga za ku Cuamba ndi Lichinga.

Kuchiza kwa lero kumayamba ndi kuteteza ku sitiroko. Pali mankhwala oletsa magazi kuundana. Wakale ndi wafarini, amene amafuna kuyezetsa magazi kawirikawiri chifukwa akachuluka munthu amataya magazi, akachepa sateteza. Alipo atsopano osafuna kuyezetsa pafupipafupi, koma kafukufuku wa mu 2022 adaonetsa kuti kwa amene tizitseko tawo tidaonongeka ndi matenda a pakhosi aja, wafarini akadali wopambana. Kenaka pali mankhwala ochepetsa liwiro monga atenolol ndi digokisini, mdzukulu wa digitalis uja. Kubwezera mtima m'dongosolo, kumene wamalonda uja ankafuna, kumachitika ndi mankhwala ena kapena ndi mphamvu ya magetsi pachifuwa wodwala atagonekedwa, njira imene Bernard Lown adayambitsa ku Boston mu 1962. Mu 1998 Michel Haïssaguerre ku Bordeaux adaonetsa kuti mauthenga osokoneza kawirikawiri amachokera pa mitsempha yobweretsa magazi kuchokera ku mapapo, ndipo malowo angathe kuwotchedwa ndi kachingwe kolowetsa kudzera mu mtsempha wa pantchafu. Imeneyo ndi ntchito ya zipatala zochepa za akatswiri. Kwa mwana wa ku Itepela, chotchipa ndi chofikirika ndi penisilini pa nthawi ya zilonda za pakhosi, ndi jakisoni wa mwezi ndi mwezi kwa amene mtima wakhudzidwa kale.

Wenckebach mwini wake sadaone zambiri mwa zimenezi. Mu 1914 adaitanidwa kukatsogolera chipatala cha yunivesite ku Vienna, likulu la Austria, ndipo chaka chomwecho nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka. Adachiza asilikali odwala mtima. Nkhondo itatha mu 1918, mzinda wa Vienna udagwa m'njala, ana akupindika miyendo chifukwa chosowa zakudya. Amene adabwerako ku misasa ya othawa nkhondo ku Malawi pambuyo pa 1992 akudziwa kuti mfuti zikaleka kulira njala siileka tsiku lomwelo. Wenckebach, pokhala mbadwa ya dziko limene silidamenye nawo nkhondo, ndiponso bwenzi la madokotala a ku England, adagwiritsa ntchito ubale umenewo kupempha chithandizo cha anthu a mumzindamo.

Mu 1927 adatulutsa buku lalikulu la kusokonekera kwa mtima pamodzi ndi Winterberg uja. Adapuma pa ntchito mu 1929, chaka chimodzi ansembe a Consolata atatsegula mishoni ya kuno ku Massangulo. Koma kupuma kwake kudali kwa dzina lokha. Ali ndi zaka zopitirira 65 adakwera sitima ya pamadzi kupita ku Indonesia, kwawo kwa minda ya kwinini ija, kukafufuza mitima ya odwala beriberi. Amenewa ndi matenda obwera chifukwa chosowa vitamini B1, ndipo ankagwira anthu odya mpunga wopuntha kwambiri popanda zakudya zina. Mtima umafufuma, miyendo imatupa, munthu amatha kufa msanga. Buku lake la matenda amenewa lidatuluka mu 1934.

Zaka zake zomaliza adakhala ku Vienna komweko, akudwaladwala. Adaona Austria ikumezedwa ndi Germany ya Hitler mu 1938, ndipo adaona nkhondo yachiwiri ikuyamba mu 1939. Adamwalira pa 11 Novembala 1940 ali ndi zaka 76, ndipo adaikidwa m'manda a ku Grinzing mumzinda womwewo. Adasiya mwana, Oswald, wobadwira ku Heerlen mu 1895, amene adakhala mmisiri wotchuka wosema ziboliboli ku Holland. Dzina la wamalonda uja Wenckebach sadalilembe, monga mwa mwambo wa madokotala wosunga chinsinsi cha odwala. Lake la iye mwini lidatsala pa kuchedwa kwa uthenga kuja kumene adakupeza mwa mayi wa ku Utrecht, ndipo ophunzira za chipatala ku Maputo, ku Nampula ndi ku Blantyre amalilowezabe akamaphunzira kuwerenga pepala la ECG.